Bakayawo Amene a Petros Sanamalize Kudula

Vani yoyera inalowa chobwerera m'mbuyo pakati pa nyumba zosanja za ku Kabwata, ndipo azibambo amene anakhala mu tenti ya maliro anakoka mipando yawo kuti ipeze poima. Imelda anali akuchokera kumpopi ndi beseni la makapu. Atangoona nsomba yojambulidwa pachitseko cha vaniyo, anatsitsa beseni pansi mwamphamvu moti kapu ina inadumpha n'kugubudukira m'ngalande.

Ankaidziwa bwino. Inali ya lesitilanti ya Chipwitikizi ya ku Kabulonga, kumene bambo ake, a Petros Njobvu, anagwira ntchito yodula bakayawo, nsomba youma yamchere imene Apwitikizi amakonda, kuyambira iye asanabadwe. Ndi vani yomweyi imene inawanyamula dzana masana atagwa m'khitchini, n'kukafika nawo kuchipatala atazizira kale.

Dalaivala anatsegula kumbuyo n'kuyamba kutsitsa makatoni. A Killian, mng'ono wa malemu, amene anali atangofika kuchokera ku Katete, anaimirira, anakonza jekete lawo, n'kupita kukalandira akuwomba m'manja.

"Bwana Rui akuti pepani kwambiri," anatero dalaivala, kunena mwini lesitilanti, maso ali pansi. "Akuti anthu a pamaliro adyeko."

A Killian anang'amba katoni imodzi. Munali zitini za nsomba ya tuna, zing'onozing'ono, zondandalikidwa bwino, zikunyezimira padzuwa.

"Bwezani m'motoka," anatero Imelda.

Sanakuwe, koma onse a mu tenti anamva.

"Mwana iwe," anatero a Killian motsitsa mawu, "mphatso ya pamaliro sabweza. Ukufuna kutichititsa manyazi pamaso pa anthu?"

"Atate, makatoni aya abwela atakhala pamene panagona m'bale wanu. Pansi apo, pa chitsulo, popanda na kansalu komwe. Manje lelo atitumizila tuzitini kuti tidye, tikhute, tikambe zikomo?"

"Kuwawa kwako ndikukumva, nanenso ndi mkulu wanga. Koma taona anthuwa. Ena achokera ku Chelstone, ena ku Lilayi, akwaya agona pompano. Ndiwo zatha. Ukali sathira mumphika, mwanawe."

"Adye kabichi. Nyemba nizagula nekha."

"Nanga mlongo wako Wisdom? Si komweko kumene amagwira ntchito? Iwe ukalavulira m'chitsime lero, iye mawa akamwa kuti?"

Pamene awiriwa ankakangana, dalaivala anali atatseka kale zitseko. Analiza injini n'kuthawa ngati wasiya mwana wobedwa, makatoni ali mbwee pafumbi. Mayi wina wa kophikira anayandikira kuti anyamule imodzi, koma Imelda anamuyang'ana, mayiyo n'kubweza manja m'chitenje.

"Amene atsegule chitini olo chimodzi," anatero Imelda, "azaonana na ine."

Imelda anali namwino pa kiliniki ina ku Chelstone. Ankadziwa chimene kamphindi kamatanthauza kwa munthu amene mtima wake ukuima. Tsiku lija palibe anamuimbira foni mpaka zonse zitatha, ndipo atafika kuchipatala anamva m'makonde, kwa anthu ongodutsa, kuti bambo akewo anawatulutsira kukhomo la kumbuyo, kodutsa zinyalala, kumene lole ya zakumwa inali itatseka njira. Vani inadikira pamenepo mpaka lole itasuntha. Kukhomo la kutsogolo kunali magalimoto a makasitomala ndi msewu wopanda chotchinga. Chiyambire kumva zimenezi, chakudya chinkamukanira pakhosi.

Anakwera masitepe kukafuna Wisdom. Anamupeza m'chipinda cha kumapeto, mmene anaunjikamo mipando ndi makabati kuti pabalaza pakhale malo a azimayi. Anali atakhala pa bokosi, akumanga zingwe za nsapato zakuda.

"Uyenda kuti?"

"Nibwela manje manje, ba sisi."

"Izo ni nsapato za kunchito."

Wisdom anamaliza kumanga chingwe asanayankhe. Anali bambo wa ana awiri, wamtali kuposa malemu, koma pamaso pa mlongo wake wamkuluyu ankabwerera kukhala kamnyamata.

"Ba Rui atuma foni. Pa Sabata kuli phwando la ubatizo. Bakayawo afunika kudula lelo kuti aviikidwe, mchele uchoke. Palibe wina aziba kudula. Ni ine chabe amene atate ananiphunzitsa."

"Atate ako ali m'fuliji ku mochale, iwe uli kuganiza za mchele?"

"Anasiya imodzi pakati, sanaimalize."

Imelda anatseka chitseko ndi chidendene. Pansi, azimayi a Anna Woyera anali atayamba nyimbo ina.

"Unalipo tsiku lija. Chiyambile sunakambe kanthu, ungozemba m'makona. Niuze. Ni ndani anakamba kuti awatulutsile ku mabini monga thumba la makoko? Ni Rui?"

Wisdom anapukusa mutu.

"Kamba, iwe!"

"Ni ine ninagwila kumiyendo," anatero. "Dalaivala anagwila kumapewa."

Kenaka zonse zinatuluka, mawu akuphunthwa. Malemuwo anali pathabwa lawo lodulira, mpeni uli pakati pa msana wa nsomba, pamene anausiya, n'kugwira pachifuwa, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi atatsamira mwendo wa tebulo. Rui, mwini lesitilanti, anabwera akuthamanga, akukuwa kuti atsegule khomo la kutsogolo chifukwa galimoto yake inali pomwepo. Koma a Petros anagwira malaya a Wisdom pakhosi, n'kumukokera pafupi.

"Anati, 'Musandidutsitse pa anthu akudya.' Anakamba kawili. Maso aja, ba sisi, muwaziba. Nikanachita bwanji?"

"Ukanawanyamula! Ukanawanyamula olo atukwane, olo akulume! Munthu amene afa samufunsa njila!"

"Niziba."

"Suziba kanthu!"

Imelda anatembenukira kuzenera. Patapita kanthawi anafunsa chimene ankachiopa, mawu atatsika.

"Anakamba china? M'vani muja, kapena pamene munali kudikila lole. Za amai. Za ife."

Wisdom anayang'ana nsapato zake.

"Pamene tinali kuwanyamula anakamba kamodzi chabe."

"Ati chani?"

"Anati, 'Phimba nsombayo, ntchentche.'"

Imelda anaseka. Kunali kuseka koipa, kouma, kumene kunachititsa Wisdom kudzidzimuka. Anatsegula chitseko n'kutsika masitepe osaona amene ankamupatsa njira.

Pabalaza, azimayi anakhala pansi mothithikana, miyendo itatambasulidwa. Pakona, pamatilesi, panagona mayi ake, a Exildah, atafunda chitenje kumutu. Imelda anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, anagwada, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lawo.

"Amai, muziba zimene anakamba pothela?"

"Ndikudziwa. Wisdom anandiuza tsiku lomwelo."

"Ndiye mwangokhala chete?"

A Exildah anavundukula chitenje. Maso awo anali ouma, ofiira m'mbali. Anadzuka n'kukhala tsonga, ndipo azimayi amene anali pafupi anakweza nyimbo mwadala kuti nkhani ya banja isamveke.

"Ukufuna ndikuwire ndani? Mzungu? Mwana wanga? Amene ndikufuna kumukalipira wagona kozizira uko, sakumva." Anapumira m'mwamba. "Khirisimasi iliyonse ndinkadya ndi inu ana, iye ali kophikira Apwitikizi bakayawo wawo. Tsiku limene unabadwa iwe, anafika kuchipatala dzuwa litalowa, epuloni ili m'thumba. Mwezi wathawu ndinamuuza, bambo, chifuwa chikukuvutanichi pitani Imelda akakupimeni. Akuti, nsomba zangofika kumene, ndikatha kudula ndipita. Watha kudula tsopano. Watha!"

Liwu lomalizali linaposa nyimbo. Mayi wina wachikulire anawagwira paphewa, iwo n'kuchotsa dzanjalo.

"Ndiye muuzeni Wisdom asayende," anatero Imelda. "Afuna kuyenda kukadula nsomba, maliro ali m'nyumba."

"Msiye apite."

"Amai!"

"Ndati msiye. Nsomba imeneyo ikakhala chosadula, munthu uja azidzandiimirira kutulo usiku uliwonse. Ndinapikisana ndi nsomba ali moyo, sindifuna kupikisana nayo atafa. Ndatopa."

Anagonanso n'kudzifunditsa.

Imelda anatuluka panja, anaimbira takisi, ndipo itafika anayamba kunyamula makatoni yekha kuika m'buti. A Killian anabwera akukupiza manja.

"Kodi mwanayu walowa chiyani? Alamu akudziwa zimenezi? Pamudzi pano akuluakulu tilipo, sungangochita za m'mutu mwako!"

"Atate, akuluakulu analipo na ku Kabulonga dzana," anatero Imelda osaima. "Onani zimene zinachitika."

Mayi uja amene poyamba ankafuna kutenga katoni kupita nayo kophikira, anawerama, ananyamula yomaliza n'kuiponya yekha m'buti. Wisdom atatsika, anapeza mlongo wake atakhala kale kumpando wa kumbuyo, chitseko chili chotsegula.

"Kwela. Si unali kuyenda kunchito?"

Wisdom anakwera, takisi n'kunyamuka. Anadutsa Woodlands, misewu n'kuyamba kutakasuka, mipanda n'kuyamba kutalika. Maluwa a jakaranda anali atagwa m'mbali mwa msewu, dzuwa la Okutobala likuwotcha denga la galimoto. Imelda ankaganiza za bambo ake akuyenda njira yomweyi m'mamawa uliwonse, poyamba pa njinga, kenaka pa minibasi maondo atayamba kuvuta. Ankaganiza za mipando iwiri imene anasungira makolo ake tsiku lolandira satifiketi ya unamwino, umodzi n'kukhala wopanda munthu mpaka mwambo kutha. Mkwiyo wake unkasowa poima. Ukafika pa Rui unkadumphira pa Wisdom, ukachoka pa Wisdom unkakagwera pa malemu, ndipo pamenepo unkamuwotcha iye mwini.

Atatsika pa lesitilanti, miyendo ya Wisdom inalunjika yokha kukanjira ka m'mbali, kopita kumbuyo.

"Uku," anatero Imelda.

"Ba sisi, anchito sitingena uko."

"Lelo ungena. Nyamula."

Mlonda wa pageti anamuzindikira Wisdom, anavula chipewa, n'kuwapatsa njira. Imelda anakankha chitseko chagalasi ndi phewa, katoni ili pachifuwa, chitenje cha maliro chili m'chiuno, mapazi ali mbuu ndi fumbi la ku Kabwata.

Inali nthawi ya chakudya cha masana. Matebulo anali ndi nsalu zoyera, kanyimbo kakulira chapansipansi. Panali azibambo a masuti, azimayi awiri a mawigi aatali, ndi banja lina la azungu pafupi ndi zenera. Imelda anayenda mpaka pakati n'kusiya katoni ija kuti igwe. Inaphulika pansi, zitini n'kumwazika, zina kugubudukira kunsi kwa matebulo. Chimodzi chinakagunda nsapato ya bambo wina n'kuzungulira pamenepo mpaka kugona.

Rui anatuluka kuseri kwa kauntala akupukuta manja. Anali munthu wonenepa, wa imvi m'mbali mwa makutu, wobadwira mu Lusaka momwemo. Lesitilantiyi anasiyiridwa ndi mayi ake. Maso ake anali otupa.

"Amai, pepani," anatero m'Chinyanja. "Tiyeni tikhale pansi. Nkhani sakambira choimirira."

Imelda anamva ngati wina wamuthira madzi otentha kumsana. Amenewo anali mawu a bambo ake, ndi kakwezedwe kake komwe, ndi kupendeketsa mutu komwe. Munthuyu anakulira m'khitchini muja, Chinyanja chake anachitola pakamwa pa a Petros.

"Musakambe na ine na pakamwa pa atate anga."

"Chonde, tiyeni ku ofesi."

"Ku ofesi? Kumbuyo futi? Iyayi. Lelo tikambila pano, pa anthu akudya."

Mafoloko anali ataima. Rui anayang'ana Wisdom, amene anaima pakhomo ndi katoni ina m'manja, kenaka anayang'ananso Imelda.

"Ine ninafuna khomo ili. Funsani Wisdom. Motoka yanga inali apo, makiyi anali m'manja. Ba Petros anakana."

"Anakana," anatero Imelda. "Munthu mtima uli kuima, milomo yasintha mtundu, akana, imwe mwamvela. Niuzeni, zaka zonse izi, ni liti pamene munamvelapo ba Petros? Pamene anapempha Khisimasi imodzi chabe kuti adye na ana ake, munamvela? Pamene maondo anatupa, munawauza kuti khalani pansi? Masiku onse munali bwana. Tsiku limodzi limene anafunika bwana wowakakamiza, ndiye munasankha kukhala mwana womvela."

Rui anapukuta nkhope ndi chikhatho. Thukuta linali litatuluka pamphumi.

"Ananilela," anatero potsiriza, mawu akuthothoka. "Sin'nawaonepo ali pansi. Ninachita mantha. Atanikalipila na maso, ninabwelela kukhala kamwana."

"Anakulelani. Eya. Nthawi imene anali kukulelani imwe, muganiza anaitenga kuti?"

Mayi mmodzi wa mawigi uja anaika nsalu yake yopukutira pakamwa patebulo, n'kuyang'ana pansi.

"Ndiye mwaona kuti mutumize tuna," anapitiriza Imelda. "Munthu amene anakudulilani nsomba ya mtengo wapatali moyo wake wonse, mwamulila na tuzitini twa m'sitolo. Ndipo simunabwele mwekha. Mwatuma dalaivala, na motoka yomwe ija."

"Ninaopa kuonana na amai anu."

"Muziopa. Mawa tiwaika ku manda a ku Leopards Hill. Muzatseka pano tsiku lonse, osati theka. Anchito onse amene afuna kubwela abwele. Na imwe mubwele, muimilile pa dzuwa na ife, muwayang'ane amai kumaso."

Rui anagwedeza mutu kangapo.

"Nizabwela."

Imelda anayembekezera kuti mtima utsika, koma sunatsike. Munthuyu anavomera msanga kwambiri, ndipo mkwiyo unatsala m'manja mwake ngati mwala umene wasowa pouponya.

Wisdom anatsitsa katoni yake pansi bwinobwino, anadutsa pakati pa matebulo, n'kukankha chitseko cha kukhitchini. Imelda anamutsatira. Zaka zonsezi anali asanalowemo.

Fungo linamumenya pakhomo pomwe, fungo lolemera la mchere ndi nsomba youma, lolowa mpaka kukhosi. Ophika atatu anasiya zimene ankachita n'kuima m'mbali, manja kumbuyo. Kukona kunali tebulo lachitsulo, pamwamba pake thabwa lochindikala, lokumbika pakati chifukwa cha ntchito. Chinthu chachitali chinali chitaphimbidwa ndi nsalu yoyera, m'mbali mwake mopindidwa bwino. Palibe anachikhudza chichokere dzana.

Wisdom anasamba m'manja n'kuchotsa nsaluyo. Bakayawo anali wamkulu, wotambasuka ngati chikopa chowuma, woyera ndi mchere, wolimba ngati thabwa. Mpeni wake unali chimpeni chachitali chomangiriridwa kuthabwa mbali imodzi, chokhala ndi chogwirira mbali inayo, ndipo unali udakali pamene malemu anausiya, utalowa theka m'fupa la pamsana.

Imelda anayang'ana pansi, pafupi ndi mwendo wa tebulo. Panali poyera, pokolopedwa. Anaima pomwepo.

Wisdom anagwira chogwirira. Ulendo woyamba mpeni unangolira pafupa osadutsa. Anapukuta nkhope ndi phewa, anasuntha phazi, n'kutsamira ndi thupi lonse. Fupa linati gwa! Mchere unathethekera pansi ngati mchenga. Anasuntha nsomba ndi zala ziwiri, anayeza ndi chikhatho, n'kutsitsanso mpeni. Pang'ono ndi pang'ono manja anakumbukira. Zidutswa zonenepa za pakati, zowotcha, anaziika pazokha. Za m'mbali, zopyapyala, zimene amazinyenya n'kusakaniza ndi mbatatesi ndi mazira, anaziika pena. Mchira ndi zipsepse zinapita m'mbale ya msuzi. Minga ya zipsepse inamubaya kangapo, iye osalabadira. Kenaka anatsuka chidutswa chilichonse pampopi, n'kuziyala m'beseni lalikulu khungu lili m'mwamba, n'kuthira madzi ozizira mpaka zonse zitamira.

Imelda anaonerera zonsezi mano ali olumana. Inali ntchito yaukhondo, yooneka bwino, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa koposa. Ichi ndicho chinali m'mutu mwa bambo ake pamene mpweya unkatha.

Rui anali ataima pakhomo la khitchini. Pashelefu panali bakayawo wina wambiri, wosanjikizana, wodikira phwando la pa Sabata. Wisdom anapukuta mpeni, anautsitsa, n'kutembenuka.

"Namaliza ya atate," anatero. "Izo zinazo adule wina."

"Wisdom, uziba kuti palibe wina."

"Niziba, bwana."

Anapita pamsomali wa kuseri kwa chitseko n'kutenga epuloni ya malemu ndi kachipewa kawo koyera. Pansi pake panali nsapato zawo zopita nazo kunyumba, zopukutidwa, zoyang'ana kukhoma. Anazipereka kwa Imelda. Mmodzi wa ophika aja, mayi wachikulire, anayamba kulira mosatulutsa mawu.

Anatulukira kutsogolo. Makasitomala ena anali atapita, mbale zili ndi chakudya. Atafika pageti Imelda anacheuka, ndipo kudzera pagalasi anaona Rui atagwada pakati pa matebulo, akutola zitini chimodzichimodzi.

Pobwerera anakwera minibasi. Imelda anaika nsapato za malemu pamiyendo.

"Angakuchotse nchito," anatero.

"Kaya."

"Sin'nakukhululukile."

"Niziba, ba sisi. Na ine sin'nazikhululukile."

Atayandikira msika wa Kabwata, Wisdom anagogoda denga kuti atsike, ngakhale siteji ya kunyumba inali kutsogolo. Imelda anatsika naye akung'ung'udza. Wisdom anapita kwa mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi pansi pa ambulera yong'ambika. Mayiyo atamuona sanafunse kanthu. Anapisa dzanja m'kathumba ka pambali n'kutulutsa ndimu limodzi.

"Namva za ba shikulu, atate anu," anatero. "Pepani. Ili musalipile."

Anayenda kulowa pakati pa nyumba zosanja, koma Wisdom sanalunjike kwawo. Anakhotera kuseri kwa nyumba yoyamba, kumene kunali mpopi wakale pafupi ndi zingwe zoyanikira zovala. Kuchokera pamenepo tenti ya maliro sinkaoneka, koma nyimbo zinkamveka patali.

"Manje ni chani futi? Anthu atidikila. Kunyumba kuli mpopi."

"Apa ndiye atate anali kusambila."

Anapinda malaya mpaka m'zigongono, anang'amba ndimu pakati ndi zala, n'kuyamba kudzikhula. Anakhula zikhatho, pakati pa zala, kunsi kwa chikhadabo chilichonse, kenaka mikono, kenaka khosi ndi kuseri kwa makutu. Madzi a ndimu atalowa m'mabala a minga ija, anakoka mpweya m'mano.

"Ninayamba kuona pamene ninayamba kuyenda nawo kunchito," anatero osadzutsa mutu. "Tsiku lililonse, olo mvula, olo kuzizile bwanji. Ninawafunsa. Anati pamene munali kamwana, mukali kuphunzila kuyenda, anafika kunyumba n'kutambasula manja kuti akunyamuleni. Imwe munanunkhiza, munalila, n'kuthawila kwa amai. Anati kuchokela tsiku lija, fungo la nsomba silingena m'nyumba mwanga."

Imelda anaima chilili. Fungo la m'khitchini muja linali lidakali m'mphuno mwake, linali pa epuloni imene anaipinda m'khwapa. Anafufuza m'mutu, chaka ndi chaka, kufuna tsiku limodzi limene analimvapo pa bambo ake. Anawakumbukira akulowa pakhomo madzulo, kolala ya malaya ili yonyowa. Anawakumbukira akuwerama kuona makope ake a kusukulu. Fungo lija sanalipeze paliponse.

"Manja awo anali ong'ambika konse na mchele," anatero mwakachetechete, ngati akudziuza yekha. "Ndimu pa mabala aja."

"Sanaphonyepo."

"Munthu wouma mutu," anatero Imelda, mawu akusweka pakati. "Wouma mutu, wosamva. Akanangokamba."

Wisdom anali akuyesa kufikira kuseri kwa chigongono, kumene kunatsalira mchere woyera. Imelda anaika nsapato za malemu pamwala wouma, anayala epuloni pamwamba pake, n'kunjuta pafupi ndi mpopi. Anatola theka lina la ndimu, anagwira mkono wa mlongo wake, n'kuyamba kukhula.